Matailosi apite pamene pali nchito

Yang'anani zolengeza za nyumba za renti, kaya pa Facebook kaya pa mapepala omata pa mapolo a malaiti ku Chilenje, Kabwata, Matero kapena Chelstone. Liu limene silisowa masiku ano ndi lakuti "tiled". Ejenti akangolichula, dziwani kuti renti yakwela kale. Mukapita kukaona nyumba, zoona, pansi pang'anima kucokela pakhonde mpaka kucipinda cogona. Manje lowani m'khichini muyang'ane cipupa ca kumbuyo kwa sinki ndi pamene pakhala stovu. Nthawi zambili mupeza penti ya madzi, yotupa, yamathotho a saladi, ndi nkhungu yakuda m'makona.

Apa ndiye pamene tasokoneza. Matailosi tawaika pamene alendo aona, tasiya pamene madzi ndi mafuta zimenya tsiku lililonse.

Nkhaniyi yakula cifukwa kaphikidwe ka mu Lusaka kanasintha. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, ZESCO inayamba kuthima malaiti kwa maola 8 mu March, ndipo pofika September makomboni ambili anali kuona malaiti maola atatu cabe patsiku. Stovu ya malaiti inasanduka shelefu yoikapo mapoto. Amene anali ndi ndalama anagula silinda ya gasi, ena anabwelela ku mbaula ndi malasha. Ambili amene analawa gasi sanaisiyenso. Moto wa gasi umakwela m'mbali mwa poto, ndipo ngati stovu ili pafupi ndi cipupa, kutentha ndi mafuta a kapenta, nkhuku kapena vitumbuwa zonse zithela pa penti. Penti ya madzi siipukutika. Mukaikwecha ndi sopo imacoka, pulasitala imamwa mafutawo, fungo n'kukhazikika m'nyumba.

Cinanso casintha ndi msika. Kale matailosi ambili anali kucokela kunja, ku South Africa ndi ku China, ndipo mtengo wake unali kuyenda ndi dola. Lelo tili ndi mafakitale kuno kwathu, monga Marcopolo ndi Keda imene ipanga matailosi a Twyford. Mupeza matailosi ku Kamwala, mu Lumumba Road, ngakhale pa hadiweya ya m'komboni. Sacitanso kukhala a kumayadi okha.

Tiyeni ticite masamu. Tinene kuti malo a sinki ndi stovu ndi otalika mamita 3, ndipo mufuna matailosi akwele masentimita 60 kucokela pa thebulo lophikila. Amenewo ndi ma square metre 1.8. Onjezelani gawo limodzi mwa magawo 10 cifukwa ca odula ndi osweka, mufika pafupifupi 2. Sitingi rumu ya mamita 4 uku ndi 4 uku ifuna ma square metre 16. Ndiye kuti landilodi amene wamata sitingi rumu yonse wagula matailosi okwanila makhichini 8, koma khichini yake imodzi waisiya. Kanchito kameneka n'kang'ono, mabokosi ake mungakwele nawo minibasi, kondakitala akakulipilitsani ya katundu. Muwaimike cam'mbali, osawagoneka, cifukwa mabampu a m'njila zathu sacita nawo cifundo.

Posankha, musatengeke ndi maluwa. Pacipupa ca khichini pafunika matailosi a ceramic osalala, onyezimila, amene nsalu yonyowa icotsa mafuta kamodzi. Okhakhala aja ndi a pansi, kuti munthu asatelele. Pacipupa amagwila dothi. Tumatailosi tung'onotung'ono tooneka bwino pa zithunzi tuli ndi mizele yambili, ndipo mzele uliwonse ndi nyumba ya mafuta. Yang'anani pa bokosi: pali nambala ya shade ndi ya batch. Mabokosi onse akhale a nambala imodzi, apo ayi mudzaona mtundu wasiyana atamata kale. Tsegulani bokosi lililonse pa shopu pomwepo. Ngati wogulitsa ati ni ma second grade, dziwani kuti ena angakhale opindika kapena osiyana kukula pang'ono. Ocipa, inde, koma mizele siizalunjika. Sungani matailosi atatu kapena anayi otsala, cifukwa mtundu umene mwagula lelo caka camawa mwina sudzapezeka.

Vuto lalikulu lili pa womata. Popeza matailosi aculuka, aliyense wokhala ndi trowel manje ni katswili. Kacitidwe kofala ndi koika tumilu twa simenti kumakona anayi ndi pakati pa tailosi, n'kuikanikiza pacipupa. Nchito ithamanga, simenti icepa, koma kumbuyo kumatsala mphako. M'khichini mphakozo ndi malo ofunda, a cinyezi, pafupi ndi cakudya. Mphemvu sizifunanso zina. Tailosi yotelo ikagundidwa ndi poto imasweka, cifukwa kumbuyo kulibe coigwila. Womata wodziwa nchito amagwilitsa tile fix, amaipaka pacipupa ndi trowel ya mano kuti tailosi igwile ponse. Amayamba ndi levulo, amaika tumitanda twa pulasitiki pakati kuti mipata ilingane, ndipo amayembekeza tsiku lathunthu asanatseke mizele ndi grout. Pamene matailosi akumana ndi sinki pafunika silicone, cifukwa grout pamalo amenewo imang'ambika, madzi n'kumalowa kumbuyo. Musanamupatse nchito munthu, pitani mukaone kumene anamatako kale. Gogodani tailosi ndi kiyi. Ikalila ngati ng'oma, funani wina.

Cipupa naco cifuna kukonzeka. Pulasitala yatsopano iume milungu inayi. Ngati pali penti ya mafuta, aikwece kapena aigobe kuti tile fix ipeze pogwila. Mapaipi ndi masoketi akonzedwe coyamba, kuopela kuswa matailosi atsopano pofuna paipi yodontha, ndipo soketi isakhale pamwamba pa moto kapena pafupi ndi pompi. Anzathu a ku Kanyama, Chawama ndi Misisi, kumene madzi ali pafupi pansi pa nthaka ndipo mvula ikagwa amakhala milungu, adziwe kuti cipupa cimene cimamwa madzi kucokela pansi matailosi sacicilitsa. Amangobisa matenda, kenako amagwa. Yambani mwathetsa cinyezico. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Funso lovuta ndi lakuti alipile ndani. Ambili a ife amene tikwela minibasi m'mawa uliwonse tikhala m'nyumba za renti. Cimene mwamata pacipupa cimakhala ca nyumba. Tsiku losamuka simungakwezeko pa Canter pamodzi ndi mipando. Ndipo nkhani ya munthu amene anakonza nyumba ndi ndalama zake, mwezi wotsatila n'kumva kuti "nyumba yaoneka bwino, tikwezeko renti", siyacilendo m'tauni muno. Conco musanagule bokosi ngakhale limodzi, khalani pansi ndi a landilodi. Mugwilizane ndalama zimene zidzacotsedwa pa renti, ndi miyezi ingati imene renti siidzakwela. Mulembe pa pepala, nonse musaine, malisiti musunge. Mau a pakamwa amauluka, makamaka kumapeto kwa mwezi.

A landilodi akakana, pali njila zocipa. Penti ya gloss kumbuyo kwa sinki imapukutika. Kumbuyo kwa stovu mungaike cidutswa ca aluminiyamu comanga ndi masikulu, cimene mudzamasula posamuka. Amisili a zitsulo a ku Kalingalinga angakudulileni pa saizi. Koma mapepala omata aja a pulasitiki ooneka ngati matailosi, amene agulitsidwa kwambili pa intaneti, asayandikile moto wa gasi. Amasungunuka ndipo angagwile moto.

Kwa eni nyumba, masamu ali kumbali yanu. Ma square metre awili a matailosi ateteza pulasitala zaka zambili, pamene penti ya m'khichini mufunika kuibweleza nthawi iliyonse wa renti akacoka. Ndalama imene muopa kutulutsa lelo muitulutsabe pang'onopang'ono mu zidebe za penti.

Ndipo inu amene mufuna nyumba, pamene ejenti wadya kale ndalama yanu ya viewing, musaime pa sitingi rumu n'kumasilila pansi. Pitani m'khichini, tsegulani pompi, yang'anani cipupa, gogodani tailosi. Ngati "tiled" yathela pakhomo la khichini, muli ndi cifukwa cokambilana mtengo. Tikayamba kufunsa ambili, a landilodi adzayamba kumata pamene paphikidwa nsima.