Mlandu Suola: Zoyenera Kuchita Khoti Likalamula Kuti Munthu Amangidwe

Nyengo ya dzinja imajombetsa anthu kukhoti. Mvula ikagwa usiku wonse mtsinje umadzaza, msewu wopita ku boma umaduka, chimanga chikudikira kubandira, ndipo ndalama ya kabaza imasowa chifukwa m'nkhokwe mwatha. Mlimi amene anatuluka pa belo miyezi iwiri yapitayo amatulutsa kapepala kake m'chikwama n'kuona kuti tsiku lokaonekera kwa majisitireti linali dzulo. Sabata yonse amagona khutu lili kunja, kudikira apolisi. Apolisiwo sabwera. Pakatha mwezi, iye ndi abale ake amagwirizana kuti nkhaniyo yazizira.

Kukhoti nkhani siizizira chotero. Dzina la woimbidwa mlandu likaitanidwa koma mwini wake osaoneka, wapolisi woimira boma pamilandu amapempha khoti kuti litulutse chikalata chomangira munthuyo, chomwe ambiri amangochitchula kuti waranti. Majisitireti akasainira ndi kudinda, chikalatacho chayamba kugwira ntchito. Lamulo loyendetsera milandu ya upandu ku Malawi, la Criminal Procedure and Evidence Code, limanena kuti waranti imakhalabe ndi mphamvu kufikira munthuyo atagwidwa, kapena kufikira khoti limene linaitulutsa litaichotsa. Ilibe tsiku lothera ntchito ngati mankhwala a m'botolo. Imagwiranso ntchito m'maboma onse 28, kotero kuti waranti yotuluka ku Nsanje ikhoza kumangitsa munthu ku Chitipa. Makolo ankati mlandu suola, ndipo pamenepa lamulo lolembedwa likugwirizana nawo.

Chimene chimapusitsa anthu ndi kuchedwa kwa apolisi. Polisi ya kumudzi kawirikawiri imavutika galimoto ndi mafuta, ndipo mlandu wa ndewu ya kumowa kapena wa mbuzi imodzi sungakhale woyamba kuuthamangira. Waranti imangogona m'fayilo. Imadzadzuka tsiku limene mwini wake sakuiganizira: atapita yekha kupolisi kukadandaula kuti amubera feteleza, kapena wodandaula uja atamuona pamsika akugulitsa mtedza. Ena amapita kukagwira ntchito ku minda ya fodya ya ku Kasungu kapena ku Mchinji, ena amakwera basi ya ku Johannesburg, n'kubwerako patatha zaka zitatu ali ndi ndalama zomangira nyumba ya malata. Njerwa zikayamba kukwera, amene analakwiridwa amakumbukira.

Si oimbidwa milandu okha amene amakodwa. Mboni imene inalandira chisamani koma osapita kukapereka umboni popanda chifukwa chomveka ikhoza kutulutsidwira waranti. Chimodzimodzinso munthu amene khoti linamupatsa nthawi yoti alipire chindapusa, iye n'kulipira theka, kenaka n'kukhala chete. Ndiye pali anthu amene anamuimira pa belo, omwe nthawi zambiri amakhala amalume, mchimwene kapena mkulu wa mpingo. Iwowa anasainira kuti munthu wawo akapanda kuonekera adzalipira ndalama imene khoti linatchula, ndipo khoti lili ndi mphamvu yoitanitsa ndalamayo, ngakhale kulanda katundu wawo kuti ikwanire. Mnyamata akathawa mlandu, ng'ombe imene ili pachiswe ndi ya amalume ake.

Nanga munthu amene akukayikira kuti ali ndi waranti angadziwe bwanji? M'makhoti ambiri a kumidzi zonse zimasungidwa m'mafayilo a mapepala, choncho yankho limapezeka ku ofesi ya kalaliki wa khoti limene mlanduwo unayambira. Chofunika kwambiri ndi nambala ya mlandu, yomwe imalembedwa pa kapepala ka belo kapena pa chisamani. Kapepalako kakatayika, dzina lonse la woimbidwa mlandu, dzina la wodandaula, polisi imene inatengera nkhaniyo kukhoti ndi chaka chake zimathandiza kalaliki kupeza fayilo. Nzeru yabwino ndi yoti poyamba apite munthu wina wodalirika, monga mmodzi wa amene anamuimira pa belo kapena mlangizi wa zamalamulo, akafunse zimene zalembedwa m'fayilomo ndi tsiku limene majisitireti amakhala. Mwini mlandu akathamangira yekha kupolisi kukafunsa ngati akufunidwa, akhoza kulowa m'chitokosi nthawi yomweyo, pakuti wapolisi amene ali ndi waranti m'manja ntchito yake ndi kumanga. Mphamvu yoichotsa alibe.

Mfundo imeneyi ndi imene anthu ambiri amaiphonya, ndipo imawadyera ndalama zambiri. Mkulu wa polisi sangachotse waranti. Mfumu, ngakhale ikhale yaikulu chotani, singaichotse. Khansala ndi phungu nawonso sangathe. Aliyense amene akulonjeza kuti “aiphetsa” akapatsidwa kenakake akugulitsa chinthu chimene si chake, ndipo woperekayo wadziwonjezera mlandu wa katangale pamwamba pa woyamba uja. Masiku ano kwabweranso akathyali oimba foni n'kumadzitcha apolisi, nauza munthu kuti atumize ndalama pafoni kuti dzina lake lifufutidwe. Ndalama iliyonse imene khoti lalamula imalipiridwa ku ofesi ya khoti, ndipo wolipirayo amalandira lisiti ya boma. Lisiti imeneyo aisunge monga amasungira chiphaso cha unzika.

Palinso chinthu china chimene chimachitika ndi mtima wabwino koma n'kusiya mavuto. Mabanja awiri amakhala pansi kwa nyakwawa, wolakwa amapepesa, nkhuku kapena mbuzi imaperekedwa, anthu amagwirana chanza. Kumudzi nkhani yatha. Koma khoti silinamve, ndipo fayilo idakali yotsegula. Lamulo limalola majisitireti kulimbikitsa kuyanjana pa milandu ing'onoing'ono ya pakati pa anthu, monga ndewu imene sinavulaze munthu kwambiri, komabe onse awiri ayenera kukanena zimenezi pamaso pa khoti kuti zilembedwe. Milandu ikuluikulu, monga kugwiririra ndi kugona ana, siitha ndi mbuzi, ndipo mfumu imene ikuikambirana pabwalo ikudziika yokha m'mavuto.

Zikadziwika kuti waranti ilipo, njira yake ndi kukaonekera yekha pamaso pa khoti limene linaitulutsa. Apite m'mawa, kumayambiriro kwa sabata. Chifukwa chake n'chakuti ndime 42 ya malamulo aakulu a dziko la Malawi imati womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, koma nthawiyo ikathera pa tsiku limene khoti silikhala, amadikira tsiku lotsatira la ntchito. Wodzipereka Lachisanu madzulo akhoza kugona m'chitokosi mpaka Lolemba popanda lamulo kuphwanyidwa. Atenge umboni wa chimene chinamulepheretsa: buku la kuchipatala ngati anadwala, kalata ya mfumu ngati kunali maliro kapena msewu unaduka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atakokolola misewu ndi milatho ku Phalombe, ku Mulanje ndi ku Nsanje, panalibe majisitireti amene akanafunika kuuzidwa kawiri chifukwa chimene munthu wa kumeneko sanafikire. Koma pa zifukwa zina zimene khoti silinazione ndi maso, pepala limalankhula kuposa pakamwa. Atengenso chiphaso cha unzika, pakuti a Banda ndi a Phiri ndi ambiri, ndipo munthu akhoza kusenza waranti ya mnzake wa dzina lofanana. Amene anamuimira pa belo apite naye limodzi.

Wogwira ntchito za chitukuko amene akulangiza banja lotere asalonjeze zimene sangakwanitse. Majisitireti akhoza kumvetsa, kuchotsa waranti, kubwezeretsa belo ndi kupereka tsiku lina. Akhozanso kulanda ndalama ya belo, kapena kulamula kuti munthuyo akadikirire mlandu wake ali kundende. Zimatengera kukula kwa mlandu, kutalika kwa nthawi imene anasowa, ndi chifukwa chimene wapereka. Komabe funso lalikulu limene khoti limadzifunsa pa nkhani ya belo ndi lakuti kodi munthuyu adzabweranso akamasulidwa. Amene walowa yekha pakhomo la khoti wayankha kale funsolo ndi miyendo yake, pamene wobwera ndi unyolo atagwidwa pamsika alibe poyambira. Banja likonzekere zonse ziwiri: amene atsale ndi ana, amene ayang'anire munda, ndi mankhwala a masiku angapo ngati munthuyo amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, monga ma ARV.

Apolisi akafika munthu asanadzipereke, ali ndi ufulu wouzidwa chimene akumangidwira, ndiponso woonetsedwa chikalatacho akapempha. Mkazi, mwana kapena kholo sayenera kutengedwa m'malo mwa amene akufunidwa. Mchitidwe wogwira mayi kuti mwamuna wake atulukire ulibe maziko m'malamulo, ndipo ukachitika uyenera kukanenedwa.

Thandizo lilipo kwa amene sangathe kulipira loya. Bungwe la boma la Legal Aid Bureau, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2015, linakhazikitsidwira anthu otere. Alangizi a zamalamulo otchedwa ma paralegal a bungwe la PASI, omwe ntchito yawo inayamba m'chaka cha 2000, amagwira ntchito m'ndende, m'mapolisi ndi m'makhoti, ndipo amadziwa khomo loyenera kugogoda. Ku Zambia, kumene malamulo a waranti amafanana kwambiri ndi a ku Malawi poti onse anachokera ku Britain, kuli Legal Aid Board, ndipo lamulo la mu 2021 linavomereza ntchito ya ma paralegal. Ku Mozambique malamulo anatengera a Chipwitikizi ndipo kayendetsedwe kake n'kosiyana, kotero anthu a ku Angónia ndi madera ena a m'chigawo cha Tete akafunse ku ofesi ya IPAJ, yomwe imathandiza osauka pa milandu.

Makhoti nawo ali ndi mbali yawo. Anthu ambiri amene ali ndi waranti m'midzi si zigawenga zothawathawa. Ndi anthu amene anaphonya tsiku limodzi, mantha n'kuwagwira, ndipo manthawo akhala akukula chaka ndi chaka. Vuto lomweli linaonekanso ku America, ndipo mu 2005 mumzinda wa Cleveland anayesa njira yachilendo: oweruza milandu anakhala m'tchalitchi kwa masiku angapo, naitana aliyense amene anali ndi waranti kuti abwere yekha. Anthu anabwera mazanamazana, ndipo ambiri a milandu ing'onoing'ono anabwerera kwawo tsiku lomwelo. Ku Malawi maganizo otere si achilendo kwenikweni, popeza kudzera mu ma camp court amajisitireti amapita kale kundende kukaunika milandu ya anthu amene akhala nthawi yaitali osaweruzidwa. Palibe chovuta kwenikweni kuti majisitireti yemweyo akhale tsiku limodzi pasukulu ya pafupi ndi msika, nthawi yokolola itatha, mafumu ndi mipingo atalengezeratu kwa sabata ziwiri. Makomiti a chitukuko a m'madera, omwe amakumana kale ndi akuluakulu a boma pa nkhani za mijigo ndi milatho, akhoza kuika pempho limeneli pa mndandanda wa zokambirana zawo.