Kamera ya m'thumba sagula ndi maso okha

Chaka chatha mlamu wanga yemwe amagwira ntchito ku Johannesburg adatumiza kamera ya m'thumba yoti tidzajambulire chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wanga ku Bangwe. Kadali kanthu kokongola, kosaposa chikhatho, konyezimira ngati kangotuluka kumene m'sitolo ngakhale kadali kogwiritsidwapo kale ntchito. Tsiku litakwana, ankhoswe ali pakati posinthana tambala ndi thadzi, kamera ija idangoti zii, kuzima. Chaja yake idali ya miyendo yobulungira ya ku Joni yomwe silowa m'masoketi athu kuno, ndiye batire lidali lisadalawepo magetsi chifikireni. Tizithunzi tochepa tomwe idatola tidakhala m'katimo miyezi iwiri kaamba koti kadi yake idali ya mtundu wachilendo, ndipo malo otsukira zithunzi omwe tidapitako adalibe poilowetsa.

Madzi akatayika sawoleka. Chinkhoswe sabwereza chifukwa choti batire lidatha.

Kuyambira tsiku limenelo ndimauza aliyense wondifunsa kuti kamera yabwino kwa munthu wa ku Ndirande, Chilomoni kapena Machinjiri ndi yomwe batire, chaja ndi kadi yake angazipeze ku Limbe kapena m'tauni ya Blantyre tsiku lomwelo, komanso yomwe zithunzi zake zingafike papepala popanda kuvutika. Dzina la kampani, mtundu wa utoto ndi manambala olembedwa kutsogolo, zonsezo n'zobwera pambuyo.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kufunsa kuti kamera njachiyani masiku ano pomwe foni iliyonse imajambula. Funsolo n'lomveka. Ngati muli ndi foni yapamwamba, sungani ndalama zanu, chifukwa foni zotero zimajambula bwino kuposa makamera ambiri a m'thumba, makamaka m'nyumba ndi madzulo. Koma m'mabanja ambiri foni ndi imodzi, yotsika mtengo, ndipo ndi yomweyo yomwe amalandirira ndalama, kuunikira magetsi akazima ndi kuimbira achibale. Foni imasowa m'minibasi, imagwera m'beseni, imakapinyolitsidwa fizi ikavuta. Ikapita, imapita ndi zithunzi za ubatizo wa mwana ndi nkhope ya agogo omwe adatisiya. Kamera imakhala m'sutikesi, imatuluka pa tsiku lake, ndipo mungampatse mwana kuti ajambule paukwati osaopa kuti awerenga mauthenga anu.

Musanapite kumsika, dziwani kaye momwe malonda a zipangizozi alili. Kamera yoyamba yosalira filimu adaipanga ndi Steven Sasson wa kampani ya Kodak m'chaka cha 1975, koma padatenga zaka zoposa makumi awiri kuti makamera otere afike m'manja mwa anthu wamba. M'chaka cha 2010 makampani akuluakulu opanga makamera, ambiri mwa iwo a ku Japan, adatumiza pamsika makamera oposa 120 miliyoni. Pofika 2023 chiwerengerocho chidali chitatsika mpaka kuchepera 8 miliyoni chifukwa cha mafoni. Kampani ya Casio idasiya kupanga makamera a m'thumba mu 2018, ndipo ena adachepetsa kwambiri mitundu yomwe amapanga. Izi zikutanthauza kuti makamera ambiri a m'thumba omwe mungawapeze pabenchi ya venda kapena kulandira kuchokera kwa m'bale wa kunja ngakale, a zaka khumi kapena kuposera apo. Komanso m'zaka zaposachedwapa achinyamata a ku Ulaya ndi ku America adayambanso kuwakonda makamera akalewa, mitengo yake n'kukwera. Choncho mukugula chinthu chokalamba pamtengo wosakalamba, ndiye m'pofunika kudekha.

Yambani ndi batire. Makamera ena ali ndi batire laolao lathyathyathya lomwe silingalowe mu kamera ina iliyonse. Batire lotere likakalamba limafufuma kapena limangogwira mphindi zochepa, ndipo kupeza lina kuno ndi mwayi. Makamera ena, monga ambiri a Canon PowerShot oyamba ndi chilembo cha A ndi a Nikon Coolpix oyamba ndi L, amadya mabatire a AA, aja timaika m'wotchi ya pakhoma. Amenewa ngonenepako pang'ono ndipo satenga mtima powaona, koma kwa ife omwe magetsi amatithawa nthawi ina iliyonse ndiwo abwenzi enieni. Chenjezo n'lakuti mabatire otchipa a mutochi sachedwa kufooka mu kamera. Gulani olembedwa kuti alkaline, kapena otchaja anayi, awiri akhale m'kati pomwe awiri ali pamagetsi. Ngati kamera ikuchokera ku Joni, muuzeni mlamu atumize ndi chaja yomwe, inu kuno mugule kachida kosinthira miyendo ya pulagi tsiku la mwambo lisadafike.

Chachiwiri ndi kadi yosungira zithunzi. Tsekulani kachitseko ka pansi muone nokha. Makamera ambiri a Sony opangidwa chisadafike chaka cha 2010 amalandira kadi yotchedwa Memory Stick, pomwe akale a Olympus ndi Fujifilm amalandira ya xD. Makadi amenewa ngosowa masiku ano. Funani kamera yolandira kadi ya SD, chifukwa imeneyo imapezeka paliponse, ndipo ngakhale kakadi kakang'ono ka mufoni kamalowamo mukakaveka chikwama chake. Apanso pali msampha. Makadi a SDHC, omwe ndi a 4GB mpaka 32GB, adabwera mu 2006, ndipo makamera ambiri opangidwa chakachi chisadafike sawerenga kadi yoposa 2GB. Nyamulani kadi yanu popita kukagula, muyese pomwepo. Safunsa adadya phula.

Chachitatu ndi nambala ija mavenda amakonda kutchula, ya megapixel. Wina akuuzani kuti yake ndi ya 16, ya mnzake ndi ya 10 basi, ndiye muwonjezere ndalama. Musatekeseke. Chithunzi cha mainchesi 6 m'litali ndi 4 m'lifupi, chija timaika mu alubamu, chimangofuna ma megapixel awiri ndi pang'ono kuti chioneke bwino. Chachikulu ngati pepala la A4 chopachika pabalaza chimafuna pafupifupi 9, ndipo ngakhale ocheperapo amakwanira poti chithunzi cha pakhoma sitichionera pamphuno. Kamera ya kampani yodziwika ya ma megapixel 8 kapena 10 imaposa kutali tizidole tatsopano topanda dzina tolembedwa manambala aakulu pabokosi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chomwe muyenera kuyang'ana ndi galasi la kutsogolo. Pa kamera pamalembedwa mawu akuti optical zoom ndi digital zoom. Oyambawo akutanthauza kuti galasi limatuluka n'kukokera pafupi chinthu chakutali, monga mwana wanu ali kutsogolo kwa tchalitchi pomwe inu muli pabenchi ya kumbuyo. Apa m'pomwe kamera imaposera foni yotsika mtengo. Achiwiriwo n'kungofutukula chithunzi, ndipo nkhope zimatuluka zosaoneka bwino. Optical zoom ya 3x mpaka 5x njokwanira pa zochitika za pabanja.

Mukaipeza yomwe yakusangalatsani, musachite manyazi kuiyesa pamaso pa wogulitsa. Iyatseni ndi kuizimitsa kasanu, mukumvetsera ngati galasi likutuluka ndi kubwerera mosakakamira, poti fumbi la mwezi wa October likalowa m'menemo ndiye kuti kamera yatha. Penyani galasilo padzuwa. Mukaona timizere tonga ukonde wa kangaude m'kati mwake, imeneyo ndi nkhungu yobwera ndi chinyontho, isiyeni. Jambulani khoma loyera kapena thambo kuti muone ngati pali madontho akuda. Jambulaninso munthu ali pamthunzi mutayatsa kuwala kwake, koma dziwani kuti kuwalako sikupitirira mamita atatu kapena anayi, moti kujambula akwati muli kumapeto kwa holo n'kungotaya batire. Wogulitsa akakana kuti muyese, pitani pabenchi ina. Inu ochokera ku Lunzu, Luchenza kapena Balaka chitani zonsezi musadakwere basi, chifukwa thiransipoti yobwezera katundu ikhoza kuposa phindu lomwe mudanenerera.

Sindikunena kuti kamera ya m'thumba ilowe m'malo mwa ajambuli athu. Paukwati ndi pachinkhoswe itananibe wodziwa ntchito yake, mumulipire. Yanuyo njojambulira zomwe mjambuli saitanidwira: mwana tsiku loyamba kuvala yunifolomu, amayi akupeta mpunga pakhonde, nyumba ili pafaundeshoni, agogo atabwera kudzacheza.

Chomaliza ndicho chachikulu pa zonse. Kale mjambuli ankayenda panjinga m'makwalala a Zingwangwa Lamulungu masana, kamera ili m'khosi. Mukajambulitsa munkadikira sabata kapena ziwiri, koma chithunzi chinkabwera papepala, ndipo makolo athu ankakonda kuitanitsa makope awiri, lina la pabalaza, lina lotumiza kumudzi. Lero tili ndi zithunzi zikwizikwi m'makadi ndi m'mafoni, koma alubamu mulibe kanthu. M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe, ku Manja ndi m'madera ena a mzinda wa Blantyre, mabanja ambiri adataya abale pamodzi ndi zonse za m'nyumba. Matope sasankha foni, kadi kapena alubamu. Chithunzi chomwe chimapulumuka pa tsoka lotere ndi chija chidatumizidwa kwa azakhali ku Thyolo kapena ku Ntcheu.

Choncho pokonza ndalama ya kamera, patulanipo ina yotsukitsira zithunzi. Mwezi uliwonse kapena pakatha mwambo uliwonse sankhani zisanu kapena khumi zabwino, mutsukitse ziwiriziwiri, kumbuyo mulembe tsiku, malo ndi maina a anthu. Potsukitsa perekani kadi yeniyeniyo, chifukwa chithunzi chotumizirana pa WhatsApp nthawi zambiri chimafika chitachepetsedwa ndipo papepala sichioneka bwino. Akuluakulu adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Chithunzi chomwe chikadali m'kadi ndi fodya wa pachala.

Kamera ya mlamu ija tidaipezera chosinthira pulagi ndipo ikugwira ntchito, koma tambala ndi thadzi zija zidadyedwa kalekale osajambulidwa. Inu mukamapita kukagula yanu, nyamulani kadi ndi mabatire m'thumba, ndipo musatulutse ndalama musadaone chithunzi choyamba ndi maso anu.