Nkhuku zofiira zija si mbewu, abale

Usipa ukagwidwa bwino ndalama n'kuoneka m'thumba, madengu a nkhuku zofiira nawo sachedwa kufika m'misika yathu ya m'mbali mwa nyanja. Wogulitsa amalumbira kuti ndi mtundu weniweni, woikira tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri a ife timagula misoti itatu ndi tambala tili ndi maganizo oti chaka chamawa khola lidzadzaza. Chaka chimatha, khola lili chomwecho, ndiye timayamba kunena kuti nkhuku zachizungu sizigwirizana ndi kutentha kwa kuno. Ife tikuona kuti vuto si dzuwa ayi. Tikugula nkhuku yoikira mazira n'kumaiyesa mbewu.

Nkhaniyi alimi tonse timaidziwa kale, kungoti timaidziwira kumunda. Chimanga cha haibulidi chimabereka zedi chaka choyamba, koma mukabzala chobwezera mumakolola zisononkho zosiyanasiyana, zina zazing'ono ngati za ana. Nkhuku zofiira za makampani, monga Hy-Line Brown, Lohmann Brown ndi ISA Brown, n'chimodzimodzi. Kampani imasunga yokha mizere ya makolo, n'kuikweranitsa kuti patuluke msoti umene umayamba kuikira pa masabata 18 mpaka 20, n'kufika mazira 300 pachaka ukamadya bwino. Koma mukaswetsa mazira ake, anapiye amatuluka ena oyera, ena ofiira, ena amawangamawanga, ndipo safika pa mayi wawo. Kufungatira komwe nkhukuzi anazichotsa dala pozisankha, chifukwa thadzi likakhala pa mazira limasiya kuikira. Ndiye mudikira mpaka liti kuti likuswereni?

Nkhuku ya mtundu weniweni ndi ina. Tambala ndi thadzi a mtundu umodzi amabereka ana ofanana nawo, adzukulu nawonso chimodzimodzi. Imene ambiri timaidziwa ndi yakuda ija timaitcha Mikolongwe, potengera malo a boma a ziweto ku Chiradzulu kumene akhala akuiswetsa kwa zaka zambiri. Dzina lake lenileni ndi Black Australorp, ndipo kwawo ndi ku Australia. Siifika pa haibulidi kuikira, koma ili ndi thupi, imapereka mazira ndi nyama yomwe, ndipo mbewu yake mukhoza kusunga nokha.

Tsono pamsika tizisiyanitsa bwanji? Igwireni nkhukuyo m'manja, musamangoiyang'anira m'dengu. Mikolongwe weniweni ndi wakuda thupi lonse, nthenga zake zimanyezimira mobiriwira padzuwa, miyendo ndi yakuda koma kuphazi kwake n'kotuwa, maso akuda, lipombo limodzi lofiira loima. Mukaona nthenga zofiira kapena zagolide m'khosi ndi pachifuwa, kapena kuphazi kwachikasu, dziwani kuti muli magazi ena. Mwina ndi wosakanizika ndi zakumudzi, mwinanso ndi haibulidi yakuda, poti iliponso. Si nkhuku yoipa, koma musalipire mtengo wa Mikolongwe.

Yofiira ya kampani imadziulula yokha. Zonse m'dengu zimakhala msinkhu umodzi, mtundu umodzi, ngati ana asukulu ovala yunifolomu. Thupi ndi lopepuka, kumchira ndi pansi pa nthenga zofiirazo kumaoneka zoyera, ndipo nthawi zambiri mlomo umakhala wodulidwa kunsonga, poti kumafamu amaudula kuti zisamajomphane. Anapiye ake a tsiku limodzi amasiyana mtundu: aakazi ofiirira, aamuna oyererako. Apa m'pamene ambiri tapsa. Munthu akakubweretserani anapiye oyera a nkhuku za mazira pamtengo wozizira n'kumati muli misoti, amenewo ndi atambala okhaokha amene kampani ilibe nawo ntchito. Mudzawadyetsa miyezi inayi kudikira dzira, kenaka mudzamva akulira m'bandakucha.

Palinso zina zimene zatha kale ntchito. Mafamu amagulitsa nkhuku zawo zikakwana pafupifupi chaka ndi theka, mazira atayamba kuchepa. Mudzaziona ndi khosi lothothoka, zikhadabo zazitali, miyendo ndi mlomo zoyezuka chikasu chonse chitatha. Ngati mukufuna ndiwo ya alendo pa Eid, gulani, msuzi wake ndi wabwino ndithu. Koma zisakulowereni m'khola ndi dzina loti misoti. Kuti mudziwe ngati thadzi likuikira panopa, pisani zala pakati pa timafupa tiwiri ta kumbuyo kwake. Zikalowa ziwiri kapena zitatu, likuikira. Chikalowa chimodzi, lapuma kaya silinayambe.

Ena anena kuti nanga mazira 300 si phindu limenelo, poyerekeza ndi nkhuku yachikuda imene imaikira 12 kapena 15 n'kukhala pansi, mwina katatu pachaka? Zoona, ndipo sitikunyoza haibulidi. Amene ali pafupi ndi msika wa mazira, monga ku Mangochi boma, Salima kapena Nkhotakota, ndipo angathe kugula chakudya cha nkhuku zoikira osadukiza, aweta n'kupindula. Koma tiwerenge. Nkhuku imodzi imadya pafupifupi magalamu 110 mpaka 120 patsiku. Zikakhala 20, thumba la makilogalamu 50 limatha m'masabata atatu. Funso n'lakuti miyezi ya kumapeto kwa chaka, nyanja itatsekedwa, chimanga chitakwera mtengo, thumbalo lidzachokera kuti? Mukaisiya pa madeya okha ndi kupalasa pabwalo, imasiya kuikira, imaonda, ndipo kabawi akatsika imangoyang'ana m'mwamba pamene yachikuda yalowa kale pansi pa nkhokwe.

Ife a kunyanja tili ndi mwayi umodzi umene a kumtunda alibe. Zinyenyeswa za usipa zotsala pa thandala ndi chakudya chomanga thupi chabwino kwambiri, ndipo zigoba za nkhono zootcha n'kusinja zimalimbitsa chikhokhombe cha dzira. Kungoti nsomba musachulutse, chifukwa dzira limayamba kumveka fungo la nsomba, makamaka la nkhuku zofiirazi, kasitomala wa tiyi osabweranso.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi tambala. Banja limagula tambala wamkulu wokongola, wa haibulidi kaya wa Kuroiler (nayenso ndi wosakaniza, wochokera ku India), n'kupha atambala achikuda onse. Ana oyamba amakula bwino, aliyense n'kumayamikira. Koma mukamabwereza zomwezo chaka ndi chaka, kufungatira kumachepa m'khola, mpaka tsiku lina mupeza mazira ali mbwee koma thadzi lokhalira palibe. Makina oswera mazira ndi magetsi osazima ndani ali nazo m'midzi yathu? Mathadzi achikuda aja, kameta ndi kansilanga omwe, ndiwo makina athu. Amakhala masiku 21 osalipidwa, n'kulera okha anapiye. Ngakhale mazira a Mikolongwe, njira yodalirika ndi kuwaika pansi pa thadzi lachikuda.

Choncho tikupempha magulu athu a alimi ndi a amayi kuti pogula nkhuku zoweta muzisonkhana, mufunse mlangizi wa ziweto wa dera lanu kumene kuli anapiye odziwika, ndipo wogulitsa atchule dzina la mtundu, msinkhu wake ndi katemera amene zalandira. Akayamba kuzungulira, msiyeni apite. Zatsopanozo zikafika pakhomo, zikhale pazokha masabata awiri zisanasakanizike ndi zinzake, chifukwa chitopa sichifunsa kuti uyu ndi Mikolongwe kapena haibulidi, ndipo katemera wa I-2 wodonthezera m'diso uja aziperekedwa kwa zonse miyezi inayi iliyonse.