Anawamiza m'madzi chifukwa cha ubatizo

Pa 21 Januwale 1525, mumzinda wa Zurich ku Switzerland, Conrad Grebel anabatiza George Blaurock, munthu wamkulu yemwe anali atabatizidwa kale ali khanda. Adani awo anawatcha Anabaptist, kutanthauza obatizanso. Mfundo yawo inali yakuti khanda silingasankhe kukhulupirira, choncho ubatizo uyenera kudikira mpaka munthu avomereze yekha.

Lero izi zingaoneke ngati kamkangano ka azibusa, koma nthawi imeneyo mpingo ndi boma zinali chinthu chimodzi. Kukana kubatiza mwana wako kunali kuukira olamula. N'chifukwa chake mu Januwale 1527 akuluakulu a mzinda wa Zurich, omwe ankatsatira chiphunzitso cha Huldrych Zwingli, anamiza Felix Manz mumtsinje wa Limmat. Chaka chomwecho Michael Sattler, yemwe anatsogolera msonkhano wa ku Schleitheim wokana kulumbira ndi kugwira lupanga, anawotchedwa ku Rottenburg. Apulotesitanti ndi Akatolika, omwe ankadana pa zambiri, anagwirizana pozunza anthu amenewa.

Ine ndikuona kuti anthuwa ananena zoona pa chinthu chachikulu: boma lilibe mphamvu pa chikumbumtima cha munthu. Mungatsutsane nawo pa za ubatizo, koma ufulu wopembedza womwe timaunyadira lero anauvutikira ndi moyo wawo, malamulo a maiko asanauvomereze.

Ena adzandikumbutsa za Münster. Inde, mu 1534 gulu lina la Anabaptist linalanda mzindawu, linathamangitsa okana kubatizidwanso, ndipo linayambitsa mitala mpaka mzinda unagwa mu 1535. Koma nkhaniyi ikulimbitsa mfundo yanga. Ozunzidwawo atangogwira lupanga anasanduka ozunza. Menno Simons, wansembe amene anachoka mu mpingo wa Katolika mu 1536, anasonkhanitsa otsala pa chiphunzitso chokana nkhondo, ndipo dzina la Mennonite linachokera kwa iye. Amish ndi Hutterite ndi a mbumba yomweyi, chimodzimodzinso Brethren in Christ omwe anakhazikitsa mishoni ya Macha ku Zambia mu 1906.

Mu 2010 bungwe la Lutheran World Federation linapepesa kwa a Mennonite chifukwa cha mazunzo aja. Kupepesa n'kwabwino, koma Manz sikunamudzutse. Anzanga, tikadzakhala m'maofesi a boma, tidzakumana ndi timagulu ta chipembedzo tomwe zikhulupiriro zake zidzatinyansa. Ufulu wawo tidzauteteze nthawi yomweyo, eni ake akadali moyo.