Pempho kwa Amalawi anzathu: tiwagulire nthawi akatswiri athu a masamu



Ife olemba pempholi ndife gulu la makolo, aphunzitsi opuma ndi ena amene tinadutsa m'sukulu zaukachenjede za dziko lino. Tikulankhulira anthu amene kupempha kumawavuta: aphunzitsi a ku Zomba, ku Mzuzu, ku Blantyre ndi ku Thyolo amene amafufuza masamu ozama, fizikisi ya pabolodi ndi maziko a sayansi ya kompyuta. Ntchito yawo siifuna labotale. Imafuna choko, mapepala ndi mutu wopanda phokoso.

Wofufuza malungo akapempha ndalama amatchula ana amene apulumuke. Wa chimanga amakutengerani kumunda mukaone nokha. Koma wa masamu akati akufuna zaka zisanu kuti atsimikize ngati mfundo inayake ili yoona, ndipo inu n'kumufunsa kuti ithandiza ndani, ngati ali woona mtima ayankha kuti pakadali pano palibe akudziwa. Fomu yake imathera pomwepo. Mabungwe akunja amabwera atasankha kale zaumoyo, zaulimi ndi zanyengo, ndipo sitikuwadzudzula, pakuti zonsezi n'zofunika. Makampani athu nawo amakonda thandizo lojambulika: mjigo, mdadada wa sukulu, cheke chachikulu chogwira anthu anayi. Mfundo ya masamu siioneka pachithunzi.

Komabe kumaiko kumene masamu anakula, amene anawadyetsa nthawi zambiri anali anthu wamba olemera, osati boma lokha. Louis Bamberger ndi mlongo wake Caroline Bamberger Fuld anali eni sitolo yaikulu mumzinda wa Newark ku America. Ataigulitsa mu 1929 anafuna kumanga sukulu ya madokotala. Abraham Flexner anawakopa kuti m'malo mwake akhazikitse malo oti akatswiri azingoganiza, popanda makalasi kapena mayeso oti achonge. Institute for Advanced Study inabadwa motero mu 1930, ndipo pofika 1933 Albert Einstein anali atakhazikika kumeneko, ku Princeton. Ndalama zake zinali za pakauntala, zogulitsa zovala ndi ziwiya.

M'nthawi yathu ino dzina lomveka ndi la Jim Simons, amene anamwalira mu 2024. Anali katswiri wa masamu, analemera pa msika wa masheya, ndipo mu 1994 iye ndi mkazi wake Marilyn anakhazikitsa Simons Foundation. Ife tilibe chuma chonga chawo, koma kapatsidwe kawo tingakaphunzire. M'mapulogalamu ena akhala akusankha munthu, osati pulojekiti, n'kumuthandiza zaka zisanu osamuuza choti apeze. Ena amangowalipirira kuti tchuthi chawo cha kafukufuku, m'malo mwa semesita imodzi, chikwane chaka chathunthu. Chimene amagula ndi nthawi basi.

Kodi nthawiyo imabweza chiyani? Taonani manambala aja amene sagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iwo eni, monga 7, 13 ndi 101. Euclid anaonetsa zaka zoposa 2,000 zapitazo kuti manambalawa alibe mathero. Fermat mu 1640, ndi Euler patapita zaka zana, anapeza malamulo a kachitidwe kake, popanda wowatuma ndiponso popanda wogula. Mu 1977 Rivest, Shamir ndi Adleman a ku yunivesite ya MIT anatenga malamulo omwewo n'kupanga njira yobisira uthenga yotchedwa RSA. Chinsinsi chake n'chakuti kuchulukitsa manambala awiri akuluakulu otere n'kosavuta, koma kupatsidwa yankho kuti mupeze awiri aja n'kovuta zedi, ngakhale kwa kompyuta. Lero foni yanu ikamalankhulana ndi banki pa intaneti, masamu a mtundu umenewu ndi amene amalondera ndalama zanu. Fermat akanalemba fomu yathu ija, akanasiya mpata wa "opindula" wopanda kanthu.

Ena anena kuti zoterezo azichita a kunja, ife tizingogula zotsatira zake. Yankho lathu silidalira zaka mazana atatu. Mainjiniya amene amawerengera milatho yathu, owerengera inshuwalansi ndi penshoni, olosera zanyengo, aphunzitsi a masamu a m'sekondale, onsewa amadutsa m'manja mwa aphunzitsi ochepa omwewa. Mphunzitsi amene analeka kufufuza amaphunzitsa manotsi amene iye mwini anakopera ali mnyamata, ndipo ophunzira amazindikira msanga.

Mitu tili nayo. Pulofesa Overtoun Jenda anaphunzira ku Chancellor College, anatenga digiri ya PhD ku University of Kentucky, ndipo buku la aljebura limene analemba ndi Edgar Enochs limawerengedwa ndi akatswiri padziko lonse. Ali ku Auburn University anatsogolera pulogalamu ya Masamu, yolumikiza ofufuza a ku America ndi a bungwe la SAMSA la kum'mwera kwa Africa kuno. Achinyamata athu ena amapita ku AIMS, sukulu imene Neil Turok anayambitsa ku Muizenberg mu 2003, kumene amaphunzira ulere ndi ndalama za opereka monga Mastercard Foundation. Ena amafika ku ICTP ku Trieste, imene Abdus Salam anakhazikitsa mu 1964 poganizira asayansi a m'maiko osauka. Vuto limayamba akabwerako. Amapeza makalasi odzaza, milu ya mapepala oti achonge ndi misonkhano ya makomiti, ndipo madzulo amakaphunzitsanso kwina kuti malipiro afike kumapeto a mwezi. Zikapita zaka zingapo, funso limene anabwera nalo lija lafa, kapena mwini wake wabwerera kumene anachokera.

Boma lili ndi mbali yake. Maiko a mu African Union anagwirizana zoika gawo limodzi pa magawo 100 a chuma chawo pa kafukufuku, ndipo kuno tili ndi National Commission for Science and Technology yoyang'anira zimenezi. Aphungu athu tiziwakumbutsa. Koma pempholi likupita kwa ife eni.

Kwa mabanki, makampani a mafoni ndi a inshuwalansi, amene malonda anu amayenda pa masamu: pa ndalama zimene mumapatula chaka ndi chaka zothandizira anthu, ikaniponi kagawo kolipira mphunzitsi wogwirizira, kuti wofufuza mmodzi apume kukalasi semesita imodzi. Mtengo wake sufika pa galimoto imodzi ya bwana. Kwa ophunzira akale, makamaka inu a ku Johannesburg, ku Manchester ndi kwina, amene mumasonkherana kale za maliro ndi maukwati: gulu limodzi lingathe kulipira tikiti yoti mphunzitsi wachinyamata akafike ku msonkhano wa SAMSA, kapena fizi ya mtsikana mmodzi wa digiri yachiwiri ya masamu.

Tikupemphanso kuti ndalamazo zikhale ndi malamulo atatu, ndipo pamenepa sitigonja. Osankha olandira akhale akatswiri anzawo, ena a kunja kwa dziko, osati wopereka, wandale kapena mkulu wa pasukulupo. Thandizo likhale la zaka zingapo, chifukwa la miyezi itatu limangobala lipoti. Ndipo wolandira asafunsidwe malisiti a phindu. Afunsidwe zimene walemba, ophunzira amene wawalera, ndi kuti kamodzi pachaka akaime pamaso pa ana a sekondale ya kumudzi n'kuwafotokozera funso limene likumusowetsa tulo.

Amene mwakonzeka musadikire kuti thumba lalikulu likhazikitsidwe. Pitani ku dipatimenti ya masamu kapena ya fizikisi ya yunivesite imene muli nayo pafupi, mupemphe kuonana ndi mkulu wake, ndipo mumufunse kuti semesita imodzi ya mphunzitsi wogwirizira ndi ndalama zingati.