Burashi ya pa kompyuta ikulanda ntchito alembi athu

Mukamayenda mumsewu wa M5 kuchoka ku Benga mpaka ku Dwangwa, tayang'anani zikwangwani za magolosale ndi malo odyera. Zambiri masiku ano n'zosindikizidwa pa pulasitiki, koma zilembo zake n'zopendekera, zonenepa apa n'kuwonda apo, ngati zolembedwa ndi burashi. Eni mabizinesi amati zoterezi zimaoneka zansangala, kasitomala saopa kulowa.

Si zatsopano ayi. Mtundu wa zilembo wotchedwa Brush Script anaukonza Robert E. Smith ku America mu 1942, motsanzira dzanja la munthu. Ndiye taonani: tikulipira makina kuti atsanzire mlembi, pomwe mlembi weniweniyo ali pa boma pompano, penti ikuuma m'chitini.

Pa kompyuta, "a" aliyense amafanana ndi mnzake ngati mapasa. Mlembi wa burashi amayeza ndi maso, n'kutambasula dzina mpaka likwane pa thabwa lopindika la boti. N'chifukwa chake asodzi sanamutaye. Komanso mitundu yambiri ya zilembo zokongoletsazi ilibe ŵ, moti wofuna kulemba "Malaŵi" amangopeza kabokosi. Za dzuwa la kunyanja kuno ndisanene, pulasitiki sichedwa kusuluka.

Chimandidetsa nkhawa ndi ana. M'kalasi mwanga muli ena amene masamu amawazunguza mutu, koma akagwira choko n'kulemba pa bolodi mumachita kuima. Alembi akaleka, amenewa adzaphunzira kwa yani? Inu a komiti ya sukulu, mukafuna kulembetsa dzina la sukulu pakhoma, itanani mlembi tsiku lophunzira, anawa aonerere.