Mphini Sizichotsa Ululu wa Njoka

M'madera a fodya ku Kasungu muli mwambo umene uyenera kutha. Munthu akalumidwa ndi njoka podula mitengo yomangira chigafa, abale ake amamanga mwendo wake ndi luzi, namtema mphini, namuuza kuti agone. Amatero chifukwa cha chikondi, koma mwambo umenewu waika anthu m'manda.

Njoka zina, monga nalikukuti ndi mbobo wa maso aakulu wokhala m'nthambi, zili ndi ululu woletsa magazi kuundana. Bala lake ndi laling'ono, silitupa kwambiri, ndipo wolumidwayo akhoza kudya nsima ndi kuseka tsiku lonse. Pambuyo pake magazi amayamba kutuluka m'nkhama, m'mphuno, mu mkodzo ndi m'zilonda zakale. Tsono amene atema mphini pa thupi lotere watsegulira magaziwo makomo ena, ndipo makomowo satsekeka. Luzi lomanga zolimba silibweza ululu, koma limaoletsa mwendo.

Ena amati, "Mankhwala a makolo anachiza uje." Indetu uje anachira, koma njoka zambiri zilibe ululu wakupha, ndipo ngakhale yaululu nthawi zina imaluma osalavula kanthu. Woteroyo akanachira ngakhale popanda muzu.

Kuzengereza kumapha ngakhale ophunzira. M'chaka cha 1957, ku Chicago, katswiri wa njoka Karl Schmidt analumidwa pa chala ndi kamwana ka njoka ya m'mitengo ya mtundu womwewu. Anayesa kuti kanthu kakang'ono sikangamuphe, ndipo sanapite kuchipatala. Anatuluka magazi, namwalira tsiku lotsatira. Akulu anati, linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Kuchipatala amatenga magazi pang'ono, nawaika m'kabotolo kagalasi mphindi 20. Akapanda kuundana, adokotala amadziwa kuti ululu uli m'thupi. Ululu wa nalikukuti ulibe jekeseni wake woupha, kotero wodwala amathandizidwa pomuonjezera magazi, chinthu chimene sing'anga sangachite pakhonde pake.

Chifukwa chake wolumidwa asatemedwe, asamangidwe luzi, asamwe aspirin, ndipo asathamange. Anyamulidwe nthawi yomweyo kupita kuchipatala chapafupi kapena chachikulu cha pa boma la Kasungu, ngakhale akunena kuti sakumva kuwawa. Mwini munda amene akaniza wantchito wake galimoto kapena njinga chifukwa fodya ali m'chigafa, adzayankha mlandu wa magazi pamaso pa ana amasiye.